Mtundu wa Pansi pa Khutu la Amayi Ake

Ntchito yanga yeniyeni ndi yoyala mabedi ndi kukolopa zipinda kuhotela ina kufupi ndi Ledig, kuno ku Joni. Zophoda akwatibwi ndimachita Loweruka ndikakhala pa ofu, ndipo anthu akwathu kuyambira ku Wonderkop mpaka ku Segwaelane amandidziwa ndi chinthu chimodzi: ndikamuphoda munthu, saoneka kuti waphodedwa. Sindine wa zija zopaka mkwatibwi ngati khoma la golosale, nsidze zojambula ngati ndi khala, mpaka mwamuna kumuyang'ana kawiri paguwa kuti atsimikize ngati ndi yemwe uja. Ine ayi. Ofuna zimenezo ndimawauziratu kuti akayese kwina, ndipo ena amapitadi atakwiya.

Luso limeneli sindinaphunzire kusukulu. Ndinaphunzirira pankhope yangayi, ndipo ndinene pompano kuti musandione ngati mngelo m'nkhaniyi.

Nditafika kuno ku Joni, masiku a m'pasipoti atatha, anzanga anandikhazika pansi. Anati, “Iwe wada kwambiri. Apolisi akuonera patali.” Sankanama. Galimoto yawo ikaima parenki ya matekisi, ankayamba ndi ife akuda bii, oyererako n'kumangodutsa. Ndiye ndinagula kachubu ka mafuta oyeretsa khungu kwa mayi wina amene ankagulitsira pansi pa tebulo. Miyezi yoyamba ndinkadziyang'ana pagalasi n'kumaseka ndekha. Chaka chachitatu masaya anayamba kupsa, kuda ngati kunsi kwa poto. Nditasiya mafutawo, nkhope yonse inatuluka ziphuphu, kuyabwa usana wonse, kuda kuposa mmene ndinabadwira. Nditayambiranso, kupsa kuja kunakula. Kutsogolo kulibe njira, kumbuyo kulibe njira. Kuchokera pamenepo sindituluka m'nyumba ndisanaphimbe masaya, ndipo ngakhale anzanga a shifiti imodzi sanaionepo nkhope yanga ili yosamba.

Mtsikana amene ndikufuna kunenayu anabwera ku mkhukhu wanga, kanyumba ka malata kamene ndimakhalamo, Lamlungu lina masana. Anali wa ku Mulanje, ankagulitsa chakudya kwa anthu a kumgodi pa Wonderkop. Anavala duku, magalasi aakulu a dzuwa, ndi chotseka pakamwa chija anthu anasiya kalekale kuvala. Kunja kukutentha moti malata a denga ankalira okha.

“Achemwali, ndikukwatiwa mwezi wamawa,” anatero. “Akuti inu ndi amene mungandithandize.”

“Vula zimenezo ndikuone. Ndiphoda chigoba?”

Anavula. Mayo! Ine amene ndaonapo zambiri ndinagwira pakamwa. Masaya onse awiri anali akuda bii ndi timatuza tokhakhala, chipumi choyera mofiirira mitsempha n'kumaonekera, khosi mtundu wina, mfundo za zala mtundu winanso. Munthu mmodzi mitundu inayi.

Ndinamukalipira. Ee, ndinamukalipira ine yemweyo. Ndinati, “Iwe unali ndi nzeru? Khungu anakupatsa Mulungu ukaliwotche ndi manja ako? Tsono lero ukufuna ine ndichite matsenga?” Iye anangowerama n'kumapinda duku lake pamwendo. Sanadziwe kuti pansi pa paudala wangayo panali zomwezo, ndipo sindinamuuze. Ndinkakalipira ndani, iye kapena ine, sindikudziwa mpaka lero.

Nditatopa ndi kulalata ndinatenga bokosi langa. Ndinamuuza kuti kumuyeretsa sindingathe, chifukwa faundeshoni yoyera ukaipaka pamalo opsa imatuwa ngati phulusa.

“Sindikufuna kuyera,” anatero. “Ndikufuna mundibwezere mmene ndinalili.”

“Mwamuna wakoyo sanakuonepo usanaphode?”

“Amandidziwa. Vuto si iye. Amayi akubwera.”

Kenako anafotokoza. Zaka zisanu ndi zinayi asanaonane ndi amayi ake. Mapepala ake anali ngati anga omwe: ukatuluka pachipata cha m'malire akudinda kuti usabwererenso, ndiye umangokhala, chaka n'kutha, china n'kubwera, mpaka kumudzi ayamba kukutchula tchona. Amayi akewo anali ndi kafoni ka mabatani kosaonetsa zithunzi. Tsiku limene ankamuperekeza kudepoti ya basi, anamugwira chibwano n'kunena kuti, “Ndalama ukapeze, usakapeze, zilibe kanthu. Koma udzabwerenso ndi nkhope yomweyi.”

“Tsiku limodzi lokha, achemwali,” anatero. “Aione nkhope ija tsiku limodzi, akwere basi abwerere. Zinazo ndidzasenza ndekha.”

Ndinavomera msanga chifukwa cha matama. Ndinkaona ngati ndi ntchito ya masiku onse.

Mtundu wa faundeshoni sitisankhira pabotolo kapena padzanja, ndipo sitisankhira pansi pa babu. Munthu umamukhazika pakhomo pomwe pali kuwala kwa dzuwa, n'kulemba timizere titatu pansagwada, kutsikira kukhosi. Kamzere kamene kasowa, kosaoneka pomwe kayambira ndi pomwe kathera, ndiye mtundu wake. Ndi mmene ndimagwirira, ndipo sizinandilakepo. Koma kwa mtsikanayu kamzere kakanasowera pa chiyani? Ndinafufuza kuseri kwa makutu, pachifuwa, kumsana, mpaka ndinamuvula siketi kuyang'ana ntchafu. Asa! Mafuta aja ankasakaniza ndi odzola thupi lonse. Panalibe ngakhale kamalo kamodzi kamene kanatsala mmene kanabadwira.

Lamlungu lotsatira anabweretsa chithunzi cha kwaya ya kumpingo kwawo, iye ali pamzere wakutsogolo. Chithunzicho chinali chitapsa ndi dzuwa, anthu onse ofiira ngati njerwa. Ndinangoyerekeza. Ndinasakaniza, ndinapaka, ndinamupatsa galasi.

“Mwandikongoletsa,” anatero. “Koma si ine.”

Ndinapukuta, ndinawonjezera yakuda. Si ine. Ndinawonjezera yofiirira. Si ine. Lamlungu lachitatu zinali zomwezo, mabotolo anga akutha, thonje lili mbwee pansi. Mtima unandikwera.

“Nanga iweyo ndikakutenge kuti?” ndinakuwa. “Unadzitaya wekha, ndiye ine ndikakutole kudzala liti?”

Ndinaona kuti ndalasa, koma mawu akatuluka sabwerera. Kenako analankhula motsitsa ngati akudziuza yekha.

“Kumudzi ankati ine ndi amayi khungu ndi limodzi. Tikakhala pamphasa miyendo yathu sunkaisiyanitsa.”

Siponji inandigwa m'manja. Mtundu uja unalipo ndithu, unali m'njira, ukubwera pabasi.

Tinapangana chonchi. Basi imayenera kufika Lachinayi. Amayiwo akafikira kwa achimwene awo ku Segwaelane, amalume ake a mkwatibwi, amenenso anali ankhoswe. Ine ndikapitako Lachisanu ngati wokayesa zophoda mayi wa mkwatibwi, ndikatengako mtundu, ndikamuphoda mtsikanayo, ndiyeno akaonane. Koma basi ya kwathu ili ndi mwini wake. Inafera m'njira, kenako inagona pachipata, ndipo inafika mutauni Loweruka m'mamawa, tsiku la ukwati lenilenilo.

Mkwatibwi ankavalira kwa amalume akewo. Iwo ndi a madala aja anabwera kalekale pa kontirakiti, anagwira pansi pa nthaka mpaka chifuwa chinayamba kulira ngati chitseko, ndipo penshoni anamangira nyumba ya njerwa ya zipinda zinayi. Munthu wabwino, koma akakwiya Chichewa chimawathawa, pamatsala chilankhulo cha kumgodi. Anapita ndi kabakki kawo, kagalimoto kapikiapu, kukatenga mlongo wawo. Ine ndinamutsekera mkwatibwi kuchipinda chakumapeto, kiyi ndinaika m'kamisolo.

Cha m'ma seveni kabakki kanaima pabwalo. Anatsika mayi wamfupi, woonda, duku loyera, chitenje cha kumpingo, mapazi otupa ndi masiku a m'basi moti nsapato anazinyamula m'manja. Sanayang'ane nyumba, sanayang'ane tenti, sanayang'ane amayi amene ankalulutira.

“Ali kuti mwana wanga?”

Ndinaima pakati pa khomo. Ndachitapo zinthu zoipa pamoyo wanga, koma ichi chimandiwawabe.

“Takulandirani, amayi. Mwana wanu ali bwino, akukonzeka. Koma mwambo wa kuno, mkwatibwi saonedwa asanamalize kuvala. Tiyambe ndi inu.”

“Aikona!” amalume aja anabangula kumbuyo. “Mwambo wa kuti umenewo? Ine ndakalambira kuno, sindinaumvepo. Mampara! Munthu wayenda masiku onsewa, inu mukumuimika pakhomo ngati sikiyuriti wa pageti?”

“Amalume, inu za pansi pa nthaka mumazidziwa, sindingakutsutseni. Za pankhope ya mkazi mundisiyire ine.”

Anatsegula pakamwa kuti andiyankhe koma chifuwa chinawagwira. Amayi aja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osathamanga. Kenako anati, “Asiyeni, achimwene. Ntchito ndi yawo.” Anakhala pampando umene ndinaika pakhonde, nsapato zili pamwendo.

Nkhope yawo inali ya munthu wa kumunda, yodetsedwa ndi dzuwa la zaka zambiri, ndiye sindikanatengera pamasaya. Ndinawapukuta fumbi la m'njira ndi kansalu konyowa, n'kukankhira duku m'mwamba pang'ono. Pansi pa khutu, pomwe duku limaphimba tsiku ndi tsiku, panali kamalo kosalala, koderako mofewa ngati chikopa cha mtedza wokazinga. Ndinalemba timizere titatu, tonse tinaoneka. Ndinatenga kambale ka kapu ya tiyi, ndinathira yakuda, kadontho ka yofiirira, kenako kachikasu pang'ono ngati diso la nkhuku. Ndinapaka. Pafupi. Ndinawonjezera kadontho kena. Ndinapakanso, n'kubwerera m'mbuyo kuti ndione bwino. Kamzere kanasowa.

Ndiye ndinasakaniza wambiri, kambale kudzaza.

“Zonsezi za nkhope yanga yokha?” anafunsa.

“Nkhope ya mayi wa mkwatibwi imadya zambiri, amayi.”

Sanaseke. Ndinawapaka paudala pang'ono, timafuta pamilomo, ndinawakonza duku, basi. Ndinanyamula kambale ndi manja awiri, ndinalowa kuchipinda, ndinakhoma.

Mkwatibwi anali atakhala pabedi. Anali atamva mawu a amayi ake kudzera pazenera. Misozi inali italengeza kale.

“Ukalira ndikusiya chonchi ndikutsegule chitseko,” ndinamunong'oneza. “Yang'ana kudenga. Meza.”

Ndinamukokera pafupi ndi zenera. Pamalo opsa suyamba ndi faundeshoni. Umayamba ndi kamtundu ka lalanje, pang'ono pokha, kuti kaphe kuda kuja, ndipo umachita kudinda ndi chala, osakhula. Ukakhula wadziphera wekha. Umadikira kuti kaume. Kenako faundeshoni, ngati kansalu kopyapyala kamodzi, kudikira, kenanso pamwamba, ndi siponji yonyowa pang'ono. Chipumi choyeracho ndinachitsitsa, masaya akudawo ndinawakweza, mpaka zikumane pakati. Khosi, makutu, kuseri kwa khosi, pachifuwa pomwe diresi limathera, manja mpaka m'zigongono. Ndinali ngati ndikuzira nyumba yonse, koma pamapeto pake pasaoneke dothi.

Tili mkati, tinamva mpando ukukwekwereka m'kanjira ka m'nyumba. Unaima kuseri kwa chitseko chathu.

“Mwana wanga, uli momwemo?”

Mtsikana anandiyang'ana. Ndinagwedeza mutu kuti ayankhe.

“Ndili muno, amayi.”

“Wadya?”

Zaka zisanu ndi zinayi, funso loyamba n'limenelo. Ine amene ndinkaletsa mnzanga kulira ndinachita kuluma mlomo.

“Ndadya, amayi.”

Sanagogode, sanapemphe kuti titsegule. Anangoyamba kumuuza za kumudzi kudzera pachitseko. Mtengo wa mapeyala wa kuseri kwa nyumba unagwa ndi mphepo. Mjigo unakonzedwa koma madzi ake akumveka dzimbiri. Mnzake uja ankaimba naye kwaya ali ndi ana atatu tsopano. Nandolo wabereka bwino, abweretsako pang'ono ngakhale pachipata amafuna kuwalanda. Mtsikana ankayankha kuti “Ee, amayi,” osagwedeza nkhope, ine ndikumupesa nsidze ndi kaburashi. Sindinamuike zikope zogula. Nsidze ndinangodzaza pomwe panali mipata, ndi pensulo yoderako. Milomo ndinaipaka lipisitiki wa mtundu wa milomo yomwe. Paudala ndinachita kudinda pamphuno ndi pachipumi, ndinamuwaza tija tolimbitsa kuti thukuta la Disembala lisandichititse manyazi. Panja amalume ankaliza hutala, akukuwa kuti abusa sadikira.

Nditamaliza ndinamupatsa galasi. Analigwira nthawi yaitali. Anatembenuzira nkhope uku, anatembenuzira uku.

“Ndi ine,” anatero. “Achemwali, ndi ine.”

Sindinagwirepo ntchito yoposa imeneyo, ndipo sindikhulupirira kuti ndidzaigwiranso. Pamaso panga panali mtsikana wa ku Mulanje amene sindinamuonepo, wakuda mosalala, wooneka ngati wangosamba n'kudzola mafuta.

Lamulo langa aliyense amalidziwa: nkhope ya mkwatibwi sikhudzidwa. Ndinali nditauza operekeza, ndinauza alangizi, ndinauza ngakhale mkwati pafoni kuti akapsompsone mphepo. Ndisanatsegule chitseko ndinanenanso mokweza kuti, “Amayi, kumukumbatira mumukumbatire, koma kumaso ayi.” Anayankha kuti amva.

Ndinatsegula. Anaimirira, nsapato zinagwa pansi. Anamuyang'ana mwana wawo, anamuyang'anabe.

“Sunasinthe,” anatero. “Ambuye alemekezeke, sunasinthe.”

Anakumbatirana, mutu wa amayi pachifuwa cha diresi chifukwa cha kufupika. Ine mtima unakhala pansi. Ndinati zatheka. Ndinatembenuka kuti nditseke mabotolo anga.

Ndi pomwe ndinalakwitsa. Msozi umodzi unamupulumuka mtsikana uja, unatsika patsaya n'kusiya kanjira konyezimira. Zimenezo si vuto, ndikanadinda ndi kathonje n'kutha. Koma mayi ndi mayi. Kodi alipo wa kwathu amene sanapukutidwepo kumaso ndi malovu a amake pakhomo la tchalitchi? Nditacheuka ndinaona akulunga nsonga ya chitenje kuchala, anyowetsa palilime, dzanja lina lagwira kale chibwano.

“Amayi, musakhu...”

Dzanja la khasu silidinda, limakhula. Kamodzi kokha, faundeshoni, lalanje, paudala, zonse zinapita. Patsaya panatseguka kamalo kakuda ngati chitsekerero cha botolo.

Anaona ngati ndi litsiro. Ndicho chimene chimandipweteka kwambiri ndikakumbuka. Ananyowetsanso chitenje, anakhulanso mwamphamvu, monga mmene ankachitira ali mwana. Kamalo kaja kanakula.

“Nanga ichi chikukana kuchoka bwanji?”

“Sichichoka, amayi,” mtsikana anatero.

Panja azimayi ankaimba nyimbo ya ukwati, amalume akulizabe hutala. Amayi a mkwatibwi anayang'ana nsonga ya chitenje chawo, yomwe inali itada ndi zopaka zanga. Anayang'ana kambale kali pazenera. Kenako anakweza dzanja pang'onopang'ono n'kudzigwira pansi pa khutu, pomwe ndinalemba timizere paja. Ndinafuna nthaka ing'ambike ndigweremo, nkakhale ndi anthu a kumgodi.

Ndinadikira kuti alire, kapena akalipe, kapena amukumbutse mawu a kudepoti aja. Anapapasa tsayalo ndi nsonga za zala, mofatsa tsopano, akumva timatuza tija.

“Zimawawa?”

“Dzuwa likaomba.”

Anagwedeza mutu. Anabwerera kuchitseko, anasuzumira kunja n'kunena kuti, “Achimwene, abusa adikire.” Anatseka, anakhoma okha. Anapita pazenera, anatenga kambale, anayang'anamo.

“Watsalamo. Ukwana?”

“Ukwana, amayi.”

“Bwezeranipo.”

Anaima pambali panga atagwira kambale ndi manja awiri, ine ndikutapamo. Lalanje, kudikira, faundeshoni, kudikira. Iwo ankatsatira chala changa ndi maso, osaphethira. Mtsikana anayesa kulankhula.

“Amayi, nkhope ija munanena...”

“Khala chete, ukuwasokoneza.”

Kamalo kaja katatsekeka amayiwo anawerama, anayang'anitsitsa, n'kundilozera m'mphepete pomwe panatsala kamzere. Anali ndi diso, mayi ameneyo. Ndinakonza.

Ukwati unayenda monga maukwati athu amayendera kuno, kutchalitchi kochita kubwereka, kenako mutenti, fumbi la kumigodi likulowa ndi mphepo. Mkwatibwi anawerama tsiku lonse, anthu n'kumayamikira kuti mwanayu analangidwa bwino. Ndinamva amayi ena akunong'onezana kuti, “Koma ndiye wakuda wokongola, sanadzipake n'komwe.” Tsiku lina mawu amenewo akanandinenepetsa. Amayi ake sanavine. Anapeza ambulera, sindikudziwa kuti anaitenga kwa ndani, ndipo paliponse pomwe mwana wawo waima padzuwa, iwo anali kumbuyo atamuphimba. Nthawi ya perekaniperekani mayi wina wachifundo anabwera ndi kampango kuti amupukute thukuta, iwo anamumenya dzanja phaa, anthu mpaka kuseka. Ntchito yanga yolondera nkhope anailanda yonse.

Chakumadzulo, dzuwa lisanalowe, ndinali kuseri kwa nyumba ndikulongedza bokosi kuti ndikapeze tekisi. Amayi a mkwatibwi anabwera ndi kambale kaja atakatsuka, atakapukuta.

“Zikomo, mwana wanga. Mwagwira ntchito.”

“Pepani, amayi. Ndinakunamizani pakhomo paja.”

“Munanama, ee.” Anandipatsa kambale, koma dzanja langa sanalisiye. Analitembenuza, anayang'ana mfundo za zala zanga. Kenako anayang'ana khosi, kenako masaya. Ndinazindikira kuti ndi mmene anandiyang'anira m'mawa muja, ndisanawakhazike n'komwe pampando.

“Mwana wanga mwamubwezera wake,” anatero. “Koma uwu mwadzipaka inuwu si wanu. Wayera. Wanu ndi uti?”

Ine wa pakamwa ngati lumo, amene ndinawatseka pakamwa amalume a kumgodi, ndinangoyang'ana m'kambale. Zaka zonsezi ndakhala ndikusakaniza mtundu wogwirizana ndi chipumi changa choyeracho. Wakale uja sindinaufunefunepo, ndipo nditati ndiufune sindingaudziwe.

“Amayi anu alipo?”

“Alipo. Ku Ntcheu.”

“Munapita liti?”

Ndinawerenga mumtima, ndinachita manyazi kutchula. Iwo sanakakamize. Anandisisita dzanja kamodzi n'kubwerera kutenti.

Amayi anga amandiimbira Lamlungu akaweruka kutchalitchi, pafoni ya aphunzitsi oyandikana nawo nyumba, ija yoonana nkhope. Nthawi zonse amandipeza nditakonzeka kale, nditakhala pomwe kuwala kumandikomera. Koma Lamlungu lotsatira ukwatiwo ndinadzuka mochedwa ndi kutopa, ndinachapa mayunifolomu, ndinasamba, ndipo foni inalira ndili chikhalire pabedi, nkhope ili yosamba. Pagalasi la foni panaoneka nkhope yanga yomwe, ikudikira kuti ndiyankhe, masaya onse ali poyera.

Chala ndinachiika pamwamba pa batani. Ndikulumbira, ndinachiikapo. Ndinaganiza za mayi uja atagwira kambale. Ndinadziuza kuti ngati iye sanafe nazo, anganso sangafe. Foni inalira, inalira, mpaka inaduka.

Ndinaimbanso ine, ya mawu okha.

“Sindikukuona,” amayi anatero.

“Netiweki ikuvuta lero, amayi.”

“Iii, netiweki yanuyo. Maso angawa akuchita nkhungu, mwana wanga. Sabata yatha ndinalonjera chitsa. Ndimafuna ndizikuona pamene akuonabe.”

“Lamlungu likubwerali, amayi. Ndikhala pabwino.”

Anayamba kundiuza za mbuzi yomwe yaswa, za denga lomwe likudontha pakona. Ine ndinkangoti “Ee, amayi,” kambale kali pamwendo panga, kopanda kanthu. Ndisanadziwe chimene ndikunena ndinawadula mawu.

“Amayi, mumavalabe duku tsiku lililonse?”

“Nanga ndisiye chifukwa chiyani? Wafunsiranji?”

“Palibe. Musamalivule padzuwa.”

Anaseka, anati Joni yandisokoneza mutu. Kenako aphunzitsi anafuna foni yawo.